Mphwanga sanakhudze

Patebulo la pabalaza kwathu ku Kawale pali tizipika 16 ta mlombwa, topakidwa penti wa mitundu isanu ndi itatu. Mlendo akafika amatiyesa zoseweretsa za ana, ena amatola kamodzi n'kumakatembenuza m'manja uku tikucheza. Masiku ano sindiletsa. Koma chaka chatha, m'nyengo yozizira ya June, ndinamukalipira mwana wa mlongo wanga chifukwa cha tizipika timeneti mpaka anakagona osadya nsima, pamlandu umene sanapalamule. Ndinapepesa, iye anati zinatha. Kwa ine sizinathe.

## Kyubu ya pa kaunjika

Ndimagwira ntchito m'kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope ku Old Town. Magetsi akazima ntchito imaima, timangokhala n'kumayang'ana msewu. M'masiku otere ndi mmene ndinaphunzirira kyubu ya Rubik, imene ndinaitola pamulu wa zidole za kaunjika mumsika wa Tsoka, mapepala ake a mitundu atayamba kale kumatuka. Patatha chaka ndinkaibwezeretsa osaganiza n'komwe, zala zikungodziyendera zokha. Chinthu chimene Ernő Rubik anapanga ku Budapest mu 1974 kuti chivutitse mutu chinasanduka ngati kusenda mtedza.

Usiku wina, bandulo itatsala pang'ono kutha, ndinaona pa YouTube munthu akusewera kyubu ya 4D. Pa sikirini panali makyubu asanu ndi awiri oyandama, imodzi pakati, asanu ndi imodzi mozungulira. Akadina pamodzi, tinthu ta mitundu tinkadumpha kuchoka m'kyubu ina kupita m'inzake, tina n'kuzimiririka osaoneka kumene tapita. Sindinamve kanthu. Koma tulo sitinabwere.

Kusukulu tinaphunzira mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Chilichonse chimene dzanja lingagwire chili ndi zitatuzi basi. A masamu amati onjezerani njira yachinayi, yopingasa zitatu zonsezo nthawi imodzi. Chala sichingailoze, koma mawerengero ake amayenda bwinobwino. Sikweya imatchingidwa ndi mizere inayi, kyubu imatchingidwa ndi masikweya asanu ndi limodzi, ndipo chinthu cha 4D, ndiye kuti cha njira zinayizi, chimene amachitcha tesseract chimatchingidwa ndi makyubu athunthu asanu ndi atatu, ngodya zake 16. Mawu amenewa ndinawaloweza msanga. Kuwamvetsa kunadza ndi munthu wina.

## Mthunzi wa waya

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga uja, anabwera kudzakhala nane atasankhidwa kuyamba Fomu 1 pasukulu ina yoyendera mumzinda muno. Kwathu ndi ku Mitundu. Pomusiya, mlongo wanga anangoti, "Achimwene, mwanayu ndi wanu." Kwa ife mawu amenewo si ongokometsera pakamwa, malume ndiye mwini mbumba. Mwanayo ndi wofatsa, wosalankhulalankhula, wa manja aluso, mmodzi mwa aja opinda magalimoto a mawaya a chiwongolero chachitali.

Tsiku lina madzulo magetsi atazima ndinayesa kumufotokozera zimene ndinaona. Anamvetsera mwaulemu, kenako anatuluka panja. Pobwera anali ndi waya ndi pulayala. Anapinda kyubu ya mafupa okhaokha, yopanda makoma. Tinazimitsa kandulo, tinayala pepala loyera pansi, ine n'kugwira tochi ya foni pamwamba pa kyubuyo.

Papepala panaoneka sikweya yaikulu, mkati mwake yaing'ono, ngodya zake zolumikizidwa ndi mizere inayi. Mbali yoyandikira tochi ndiyo inapereka mthunzi waukulu, yakutali waung'ono. Mbali zinayi za m'mphepete zinaoneka zopendekeka, zopapatiza, chonsecho pa wayapo zonse n'zofanana. Atayamba kuitembenuza pang'onopang'ono, sikweya yamkati ija inasendera m'mbali, inzake n'kulowa m'malo mwake.

"Malume," anatero, "ndiye kuti pakompyuta paja tikuona mthunzi chabe?"

Ndi momwemodi. Makyubu asanu ndi atatu a tesseract aja tiwatche zipinda. Kyubu yapakati pa sikirini ndi chipinda chakutali, zisanu ndi chimodzi zozungulira ndi zipinda za m'mphepete, ndipo chachisanu ndi chitatu ndi chija choyandikira tochi, chachikulu chokuta zonse, chimene olemba pulogalamu anachichotsa pamaso kuti tizitha kuona mkati. Tinthu tija ndinkayesa tikuzimiririka tinkangolowa m'chipinda chosaonekacho. Zimene ndinalephera kumva kwa masabata awiri, mwana wa Fomu 1 anaziika papepala ndi waya wa pampanda. Sungani zimenezi, chifukwa ndi mwana yemweyu amene ndinadzamutcha wabodza.

## Ya pa sikirini

Pulogalamu ija dzina lake ndi Magic Cube 4D. Anayamba kuilemba mu 1988 ndi Don Hatch ndi Melinda Green, ndipo pambuyo pake Jay Berkenbilt ndi Roice Nelson anaikapo manja awo. Ndi yaulere, imangofuna Java, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yokalamba ngati ya kushopu kwathu. Ukadina kanthu kamodzi ndi mausi, chipinda chonse chimazungulira. Ukadina utagwira Ctrl, chipinda chimene wasankha chimalowa pakati, china n'kutuluka kupita kosaoneka kuja.

Kyubu imene imatseguka poyamba ndi ya 3x3x3x3, yogawidwa patatu m'njira iliyonse mwa zinayi zija. Chipinda chilichonse chili ndi tinthu 27 ta mtundu umodzi, tonse pamodzi 216. Tizidutswa take ndi 80: ta mitundu inayi 16, ta mitundu itatu 32, ta mitundu iwiri 24, ndi tapakati 8 ta mtundu umodzi. Chovuta poyamba n'chakuti kadutswa kamodzi sikaoneka ngati chinthu chimodzi. Mitundu yake inayi ili m'zipinda zinayi zosiyana, patalipatali pa sikirini, koma ikasuntha imasunthira limodzi ngati abale a mimba imodzi okhala midzi yosiyana amene maliro amodzi amawanyamula onse.

Kuchuluka kwa njira zosokonezera kyubu wamba ndi nambala ya madijiti 20. Kwa 3x3x3x3 nambalayo ili ndi madijiti 121. Nditaona zimenezo ndinatsika, n'kusankha yaing'ono ya 2x2x2x2, imene ili ndi tizidutswa ta pangodya tokhatokha, 16. Nayonso si yocheza nayo, nambala yake ili ndi madijiti 28.

Ndinavutika nayo mwezi wathunthu osafika patali. Maso ankaona, koma manja analibe chogwira. Munthu amene anazolowera kumva kyubu ikulira m'zala, kudina mausi kuli ngati kudya nsima ndi foloko.

## Kwa akalipentala ku Mchesi

Kenako ndinamva kuti Melinda Green yemwe uja, mu 2017, anapeza njira yopangira 2x2x2x2 yogwirika ndi manja. Ndi timakyubu 16 togwirana ndi maginito, toyalidwa tiwiri m'lifupi, tiwiri m'mwamba, tinayi m'litali, ngati njerwa. Si chinthu cha 4D ayi, palibe angapange chotero m'dziko lino. Koma kusuntha kulikonse kololedwa pa njerwayo kuli ndi kunzake kofanana nako pa tesseract, ndipo masokonezedwe ake ndi omwewo ndendende. Theka lakumanzere ndi chipinda chimodzi, lakumanja ndi chipinda choyang'anizana nacho.

Kuitanitsa kunja, ndi mmene ndalama yakunja ikuvutira, sikunali kotheka. Ndinajambula papepala n'kupita kwa akalipentala ena m'mbali mwa msewu ku Mchesi, pakati pa mabedi ndi mipando ya sofa yoyanikidwa padzuwa. Anayang'ana pepala lija kwa nthawi.

"Achimwene, timeneti ndi ta njuga?"

Ndinati ayi, ndi ta masamu. Anaseka, koma ntchito anaigwira mwa mtima wonse. Anatola zidutswa za mlombwa zotsala pa chitseko, nadula tizipika 20 kuti ndisankhepo, mbali iliyonse masentimita atatu, n'kutipala ndi sandipepa mpaka kuterera. Anati paini akanapindika ndi chinyezi cha dzinja. Mpaka lero ndikanunkhiza tizipikato ndimamva fungo la malo aja.

Kupenta ndiye kunatidyera masabata. Kachipika kalikonse kali ndi mitundu inayi, ndipo mtundu sukhala pankhope ngati pa kyubu wamba, umakhala pangodya. Nkhope iliyonse imagawidwa pakati mopingasa, mbali iyi mtundu wina, mbali iyo wina, kotero kuti mtundu umodzi umakuta ngodya imodzi kuchokera kunkhope zitatu. Ukayala bwino tizipika tinayi, pakati pamatuluka dayamondi ya mtundu umodzi, ndipo ngodya zakunja za theka lililonse zimakhala ndi mtundu wakewake, pinki uku, pepo uko. Chimene chinatigwetsa n'chakuti theka lakumanja ndi chithunzi cha pagalasi cha lakumanzere. Ine ndinapenta tiwiri mokopera mwachindunji, ndipo anaona kulakwako ndi mphwanga, penti asanaume. Tizipika tapadera tija tinatipulumutsa.

Za maginito tinalephera. Tinayesa ochotsa m'mahedifoni akufa, koma mbali zina ankakokana, kachipika kakatembenuka n'kuyamba kukankhana. Tinawasiya. Tathu timangokhala patebulo, tikamatembenuza theka timalifinya ndi manja awiri, tikamasunga timamanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire. Kyubu wamba ili ndi chipangizo mkati chimene chimakana kusuntha kosaloledwa. Pulogalamu nayo siingakulole kuchita chimene malamulo akana. Koma tizipika ta m'manja, ngakhale ta maginito ta eni akewo, palibe chimene chimakuletsa kutola kamodzi n'kukabwezera mmene ukufunira. Malamulo ali m'mutu mwako mokha. Theka ungalitembenuze mbali iliyonse ngati chinthu chimodzi. Gawo lalitali la tizipika tisanu ndi titatu, tiwiri m'lifupi, tinayi m'litali, limazungulira theka la ulendo basi. Ndiye pali kusuntha kumene amakutcha gyro, kophwasula njerwa yonse mwa dongosolo lake n'kuimanganso kuti mitundu ina ibwere pangodya, kumene kukufanana ndi kudina kwa Ctrl kuja. Ukaphonya pang'ono pa gyro, wawononga zonse osadziwa, ndipo udzazindikira patatha masiku.

N'chifukwa chake ndinaika lamulo m'nyumba: ndikasokoneza, wina asakhudze.

## Lamulungu lija

Ndinasokoneza Lachisanu usiku, mosamala, kusuntha kulikonse ndikukulemba m'kope. Kubwezeretsa kunanditengera madzulo asanu ndi anayi. Loweruka lachiwiri ndinagona titatsala tizipika tinayi. M'mawa ndinapita kutchalitchi, mphwanga anatsala akuchapa yunifolomu.

Nditabwerako sindinavule n'komwe jekete. Chakumadzulo dzuwa litapendeka, kachipika ka 15 kanalowa m'malo mwake. Ndinayang'ana kotsiriza. Kanali pamalo pake penipeni, koma kokhota. Pa dayamondi yoyera ya pamwamba panali kachigamba ka pinki, choyera chili kungodya yakunja. M'mbali, chofiira ndi chabuluu zinali zitasinthana. Tina tonse 15 tili bwinobwino.

Aliyense wodziwa kyubu wamba akudziwa tanthauzo la zimenezi. Ngodya imodzi siikhota yokha. Ukaona zonse zili m'malo koma ngodya imodzi yatembenuka, ndiye kuti wina anaipotokola ndi chala kapena kyubuyo inagwa n'kumangidwanso molakwika. Limenelo ndi lamulo, ndipo ndinali nditaliona likugwira ntchito kambirimbiri. Ndinatsegula kope, ndinayang'ana gyro iliyonse imene ndinalemba, sindinapeze cholakwa. Mtima unayamba kutentha.

"Iwe, tabwera kuno. Wakhudza tizipika tanga?"

"Ayi, malume."

"Nanga kameneka katembenuka kokha?"

"Sindinakhudze, malume. Ndimachapa panja, kenako ndimawerenga kuchipinda."

"M'nyumba muno tilimo angati?"

Anakhala chete, maso pansi, manja kumbuyo. Kukhala chete kumeneko ndinakutenga ngati kuvomera. Ndinamuuza kuti kugwetsa chinthu si mlandu, mlandu ndi bodza. Ndinamuuza kuti masiku asanu ndi anayi anga wawataya m'madzi. Ndiye ndinanena mawu amene amandiwawa mpaka lero: kuti mwana wabodza ine sindikhala naye, ngati watopa ndi tauni anene, minibasi za ku Mitundu sizinathe. Usiku womwewo ndinaimbira mayi ake, iye akumva kuchipinda.

Nsima anaphika yekha monga mwa masiku onse, anaiika patebulo, anandipatsa madzi osamba m'manja, n'kukagona. Mbale yake inatsala yovundikira.

Ine ndinatola kachipika kaja, ndinakazungulitsa theka ndi zala ziwiri, n'kukabwezera. Mumtima ndinati ndikungokonza chimene mwana wawononga. Ndinajambula chithunzi n'kuika pa WhatsApp kuti ndamaliza.

## Masana ena kushopu

Panapita masabata atatu. M'nyumba tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi. Magalimoto a mawaya anasiya kupinda.

Popeza manja anali ataphunzira pa tizipika, pulogalamu ija inayamba kumveka. Ndikaona kadutswa pa sikirini, ndinkadziwa kuti ndi kachipika kati, ndipo mitundu inayi yomwazikana ija inayamba kuoneka ngati chinthu chimodzi. Lachitatu lina masana, makasitomala kulibe, ndinafika kumapeto kwa 2x2x2x2 ya pakompyuta koyamba. Tizidutswa 15 m'malo. Kotsiriza pamalo pake, koma mitundu yake itasinthana iwiriiwiri.

Ndinachotsa dzanja pa mausi.

Laputopu ija ili ndi pasiwedi. Mphwanga sanaigwirepo chiyambire. Pa sikirini palibe chala chimene chingatole kadutswa n'kukapotokola. Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina pulogalamu ili ndi vuto. Ndinabwerera m'mbuyo ndi Ctrl+Z, kusuntha kumodzikumodzi, mazana angapo, mpaka pamene ndinayambira. Panalibe chachilendo. Ndinafufuza pa intaneti, ndipo sizinatenge mphindi zisanu: chinthuchi n'chodziwika kwa onse osewera 4D, anachipatsa ndi dzina, monoflip. Ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene amachenjeza munthu wochokera ku kyubu wamba.

Mnzanga wa pashopu anandifunsa ngati ndamva uthenga wa maliro.

## Chifukwa chake kamakhota kokha

Ndifotokoze, chifukwa pamene ndinagwera ndi pomwepa, ndipo ndi pokoma kumvetsa.

Ngodya ya kyubu wamba ili ndi mitundu itatu ndipo ingakhale m'njira zitatu zokha pamalo pake. Ukaipotoza kumanja, ina kwinakwake iyenera kupotoka kumanzere kuti zikwanirane. Ndi ngati ngongole: wina akakongola, pali wina amene wakongoza. N'chifukwa chake zisanu ndi ziwiri zikakhala bwino, yachisanu ndi chitatu ilibe kochitira mwina.

Ngodya ya 4D ili ndi mitundu inayi ndipo ingakhale m'njira 12. Ngongole ija ilipobe: ukagwira mtundu umodzi n'kuzungulitsa itatu inayo, kachipika kena kayenera kulipira. Koma tsopano pali mitundu inayi yoti ugwire, ndipo chimene wayamba nacho chimasintha mathero. Tengani kachipika kamodzi m'manja. Gwirani ngodya yoyera, zungulitsani kamodzi. Gwirani ngodya ina mwa zotsalazo, zungulitsani kamodzi. Bwererani pamalo pamene munagwira poyamba, bwezani. Pitani pamalo achiwiri paja, bwezani. Mwabweza zonse zimene munachita, koma kachipika sikanabwerere mmene kanalili. Katembenuka theka, mitundu yasinthana iwiriiwiri.

Ndiye pa njerwa yonse, kupotoza koyamba amalipira ndi kachipika kena, kwachiwiri kenanso. Pobweza, awiri aja ngongole zawo zimafafanizika, amabwerera mwakale. Kotsala kokhota ndi kamodzi kaja, popanda wina aliyense wokhudzidwa. Ukawerengera bwino, tizipika 15 tikakhala m'malo, kotsiriza kangathe kukhala m'njira zinayi, ndipo yolondola ndi imodzi yokha. Zitatu zinazo ndi monoflip. Kunena kwina, chimene ndinachiona Lamulungu lija sichinali chodabwitsa n'komwe. Chikanakhala chamwayi ndi kukapeza kali bwino.

Chikanakhala umboni wa chala cha munthu ndi kachipika kamodzi kozungulira pangodya, mtundu umodzi uli m'malo, itatu itasinthana. Chimenecho ndiye sichitheka. Ine sindinayang'ane kusiyana kumeneko. Ndinatenga lamulo loona la dziko la mbali zitatu n'kukaweruzira nalo mlandu wa dziko lina, ndipo chifukwa lamulolo linali lisanandinamizepo, mawu a mwana sanalemere kanthu pamaso panga.

## Kupepesa

Tsiku limenelo sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi kuchoka m'tauni, kudutsa ku Mchesi, mpaka kunyumba, ndikusinkhasinkha mmene ndiyambire. Kwathu wamkulu sapepesa mwana ndi pakamwa. Amagula kanthu, kapena amangoyamba kuseka naye, mwana n'kudziwa yekha kuti zatha. Ndinaima pa wogulitsa tchipisi, ndinatulutsa ndalama, kenako ndinaibweza m'thumba. Bodza ndinamunamizira ndi pakamwa, pamaso pake, mayi ake akumva. Tchipisi sizikanafika kumeneko.

Ndinamupeza akusesa pakhonde. Ndinamuuza akhale pampando, ine ndinakhala pa sitepe.

"Mphwanga, ndinakulakwira. Sunakhudze tizipika tija. Ndapeza umboni lero. Pepa."

"Palibe kanthu, malume."

Ananena akuyang'ana tsache. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kachipika kamodzi, ndinamupatsa, n'kumuuza kusuntha kunayi kuja. Anachita kamodzi. Anakayang'ana. Anakabwezera mwakale, anachitanso, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kachitatu anasintha ngodya yachiwiri, napeza kuti mitundu yasinthana mwa njira ina. Ndipamene anadzutsa mutu.

"Ndiye kuti tsiku lija simunamalize, malume?"

Sanafunse monyoza. Ankafunadi kudziwa. Ndipo ankanena zoona: amene anatola kachipika n'kukatembenuza ndi chala m'nyumba muja ndinali ine. Ndinamuyankha kuti inde, sindinamalize.

Ndinaimbira mlongo wanga pomwepo, foni ili pa sipika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ine ndinadziwa, achimwene. Ameneyo akalakwa amalira, sakhala chete." Chaka chathunthu ndikukhala naye, chimenecho sindinkachidziwa.

## Dzanja ndi sikirini

Anthu amene amasewera zimenezi apita patali. Roice Nelson analemba Magic Cube 5D mu 2006, ndipo Andrey Astrelin anafika mpaka pa 7D. Mu 2022 Andrew Farkas anatulutsa Hyperspeedcube, imene umasewera ndi kiyibodi ndipo imakulola kubisa tizidutswa timene sukutifuna panthawiyo kuti uone tochepa tokha. Nayo anthu akumaliza 3x3x3x3 m'mphindi zowerengeka, chinthu chimene kale chinkatenga masiku. M'chaka chomwecho Grant Staten anapanga 3x3x3x3 yogwirika ndi manja, kukulitsa nzeru ija ya Melinda Green.

Ndikafunsidwa kuti yeniyeni ndi iti, ya m'manja kapena ya pakompyuta, ndimati zonse ndi mithunzi, ngati uja wa waya papepala. Koma sizifanana ntchito. Ya pa sikirini imaonetsa maonekedwe a tesseract mokhulupirika, zipinda zonse n'zofanana, ndipo siilola chinyengo kapena kuphonya. Ya m'manja imabisa kufanana kumeneko, zipinda ziwiri imazikondera, zinazo uyenera kuzifikira kudzera pa gyro. Komabe ine popanda tizipika sindikanamvetsa kanthu. Kulemera kwa mlombwa m'dzanja ndi kumene kunandiphunzitsa kuti mitundu inayi ndi chinthu chimodzi. Woyamba kumene ndimamulangiza kuti akhale nazo zonse ziwiri, aphunzire ndi manja, koma akakayikira chinthu akafunse pulogalamu asanafunse munthu.

Chimene chimandivutabe n'chakuti ndinakhulupirira mphwanga pokhapokha makina atamuchitira umboni. Laputopu ija ikanafa mwezi umenewo, monga imachitira nthawi zina, bwenzi mpaka lero ndikumuyang'ana ndi diso lija. Zimenezi sindinazipezere pozisiya.

Lamulo la kusakhudza ndinalichotsa. Mu September tinasokoneza limodzi, iye akusuntha, ine ndikulemba m'kope. Tinkasinthana, madzulo ano iye, mawa ine. Gyro amaichita bwino kundiposa, zala zake sizinjenjemera. Titafika kumapeto, kotsiriza kanali kokhota, ulendo uno chobiriwira chitasinthana ndi pepo. Tinayang'anana. Anakoka mpando, anapempha kope ndi pensulo, nayamba kulemba kuti kupotoza koyamba alipire ndi kachipika kati, kwachiwiri kati. Zinamutengera madzulo awiri. Usiku wachiwiriwo ndinaphika nsima ndine, ndipo inazizira patebulo iye akuti, "Dikirani pang'ono, malume, kwatsala kubweza kumodzi."